Phokoso la mu Seveni

Inu amene mumati mizimu ndi nkhani za anthu osapita kusukulu, khalani pansi mumve, ndipo wotsutsa ayambe watulutsa satifiketi yake tiione. Ine Fomu Folo ndinakhoza kamodzi, osabwereza, ndipo za magetsi sindinaphunzirire pansi pa mtengo wa mango. Mayi wa m'nkhaniyi ndine ndemwe, koma ndizimutchula dzina monga amamutchulira anthu a ku Thyolo, kuopa mungamati ndikudzitama.

Jenala Mulipa ankagwira ntchito m'galaja ya esiteti ina ya tiyi. Anali mkazi yekha pakati pa amuna khumi ndi awiri, ndipo ngakhale pepala lake linkaposa mapepala a onsewo mutawaphatikiza, ntchito yake inali yotsuka mabatire ndi kusintha mababu. Amunawo ndiwo ankatchedwa amisiri, anthu oti chinthu chikawakanika amachimenya ndi hamala, chikaphwanyika n'kumati chinali chofooka kale.

Malole onyamula tiyi kuminda anali ndi mawailesi olankhulirana, aja timati maovaova. Dalaivala amatenga maiki, n'kudina batani, n'kuuza ofesi kuti kumunda wakutiwakuti masamba adzaza. Akamaliza amati "ova", kutanthauza kuti ndikudikira yankho. Nkhani ikatheratu amati "awuti". Ndipo tiyi sadikira munthu. Akaunjikana nthawi yaitali amatentha, n'kufiira, fakitale n'kumukana.

Vuto linali mu lole nambala seveni. Dalaivala wake, a Makwinja, akangodina batani, ku ofesi kunkamveka mluzu, kuthetheka ngati akukazinga chimanga, ndi mkokomo wa injini, mawu a munthu n'kumira m'menemo. Amisiri aja anasintha wailesi kawiri konse. Wailesi yochotsedwayo ikaikidwa m'lole ina inkalankhula mbee, yatsopano ikalowa mu Seveni n'kuyamba misala yomweyo.

Lachitatu lina m'mawa bwana manijala anatopa nazo. Anaima pakhomo la galaja n'kunena kuti amene athetse phokoso la mu Seveni atenga kiyi wa chipinda cha zamagetsi, chimene chinali chotseka chipumireni mwini wake pantchito.

"Musavutike, bwana," anatero a Likhutcha, kapitawo wa galaja, munthu wa mimba yotsogola ndi nzeru zotsalira m'mbuyo. "Loweruka akubwera alamu anga a ku Limbe. Amene aja wailesi amangoinunkhiza, basi yachira."

"Loweruka n'kutali," anatero Jenala. "Ndipatseni ine masiku atatuwa."

Amuna aja anaseka mpaka wina kutsamwa ndi nzimbe.

"Amayi a mababu," anatero a Likhutcha, "wailesitu si mbaula."

"Ikanakhala mbaula mukanaikonza kalekale, a kapitawo, poti ndi pamene mumaswera."

Bwana anabisa kumwetulira n'kuvomera. Malire anali Lachisanu faifi koloko. Ikakwana nthawiyo phokoso lilipobe, kiyi anali wa munthu wa ku Limbe, ndipo Jenala anadziwa kuti akatero adzatsuka mabatire mpaka imvi.

Anapeza a Makwinja ataima pambali pa lole yawo, akupotokola chipewa m'manja. Anali bambo wowonda, wa zaka zopitirira makumi asanu, wosamwa, wosasuta, wa mtundu uja umapepesa ngakhale wapondedwa ndi wina.

"Mayi Mulipa," anatero motsitsa mawu, "phokosoli mukanangolisiya. Silinaphe munthu."

"Mukuliweta kodi? Likaswa mudzandigawireko. Tsegulani chitseko."

Kutsogolo kwa lole kunali mipando itatu: wa dalaivala kumanja, wa wothandiza kumanzere, ndi wina pakati. Wapakatiwo siponji yake inali yolowa m'kati, pamene inzake inali yotukuka bwinobwino. Munalinso kafungo ka masamba onyowa kosakanikirana ndi utsi wa nkhuni, kaja kamakhala m'chitenje cha munthu wophika panja. Jenala anaika bokosi lake la zida pampando wapakatiwo n'kutsika kukatsegula boneti. Pobwerera anapeza bokosilo lili pansi, lotseka, loima chilili, ngati wina walitsitsa ndi manja awiri.

"Mwagwira zida zanga?"

"Ayi, mayi. Kungoti pamenepo sitiikapo katundu."

"Chifukwa?"

"Amagwa."

Jenala sanafune kutaya malovu. Iye ankadziwa chimene amisiri a hamala sankadziwa, kuti phokoso lili ndi mafuko, ndipo fuko lililonse lili ndi kwawo. Analiza injini n'kumvetsera pa wailesi ya m'manja imene anabwereka ku ofesi. Mluzu uja unkakwera a Makwinja akaponda mafuta, n'kutsika akasiya. Mluzu wotere kwawo ndi ku alitaneta, makina otchajira batire. Atalondola mawaya anapeza kuti wina wa mutu wa dzungu analumikiza wailesi pa waya wodutsa pamimba penipeni pa alitanetayo. Anadula zonsezo, n'kukoka mawaya awiri atsopano kuchokera ku batire kufika pa wailesi osakhota kwina, n'kuikapo fuzi ndi kasefa kamene anakapanga yekha, waya wozunguliza pa kamphete kachitsulo.

Dzuwa likupendeka anatenga maiki. Ku ofesi wolandira mauthenga anali Abiti Selemani, mayi wa mpango woyera amene anakhala pa wailesi imeneyo zaka khumi.

"Ofesi, ofesi, ino ndi Seveni. Mukundimva bwanji? Ova."

"Mluzu watha, mayi Mulipa. Kwatsala kuthetheka." Kenako Abiti anafunsa: "Kodi muli angati m'menemo? Ova."

"Awiri. Ova."

"Ndimayesa atatu. Pali wina akupuma movutikira. Ova."

"Ndi a Makwinja, sanazolowere kuona mkazi wodziwa ntchito. Awuti."

A Makwinja sanaseke. Apa ndi pamene Jenala anaona kakhalidwe kawo pachiwongolero. Ankadziphatika kuchitseko, mwendo wakumanzere ataukoka, mkono ataupinda, ngati munthu amene wakhala m'basi moyandikana ndi apongozi.

Lachinayi kunacha ndi chiperoni. Nkhungu inatsika kuchokera kuphiri n'kuphimba minda yonse, kamvula kowaza kosaleka, moti masana ankaoneka ngati chisisira. Jenala analowa pansi pa lole kufunafuna kwawo kwa kuthetheka. Anapeza lamba wa ethi, uja amalumikiza thupi la galimoto ndi chitsulo chapansi, akulendewera. Sanadyedwe ndi dzimbiri ayi. Nati yake inachita kumasulidwa ndi sipanala, mano a sipanalayo akuoneka. Anayang'ana kugalaja kumene a Likhutcha ankaotha moto wa m'mgolo, n'kutsonya.

Anamanga lamba watsopano. Anakwera padenga, n'kuzula mlongoti wa wailesi, n'kupala penti ndi dzimbiri patsinde pake mpaka chitsulo kung'anima, chifukwa mlongoti wosagwirana bwino ndi thupi la galimoto umatola zinyalala zonse za mumlengalenga. Anamangiriranso ethi ku boneti ndi ku ekizozi. Itakwana nthawi ya nkhomaliro anauza a Makwinja kuti akayese lole pamsewu.

Anayenda pang'onopang'ono, magetsi ali oyaka, tiyi mbali zonse ziwiri akungooneka mzere woyamba wokha. Pakona ina anakumana ndi amayi othyola tiyi, madengu kumsana, mapepala apulasitiki kumutu. Amayiwo ataona lole anapatuka, n'kutula madengu, n'kugwada m'matope momwemo. Patsogolo pang'ono bambo wina wa njinga yonyamula nthochi anatsika, n'kuvula chipewa, n'kuwerama mpaka lole kudutsa.

Jenala anakonza kolala ya ovolosi yake.

"Mwaona, a Makwinja? Mbiri yafika kale kuminda. Ulemu umene kugalaja akundimana, anthu a kuno akuudziwa."

"Sakuchitira inu," anatero a Makwinja, maso ali pamsewu.

Gulu lachitatu litachitanso chimodzimodzi, Jenala analamula kuti aime. Anatsitsa galasi n'kuitana mayi wina amene anagwada pafupi.

"Mwagwadiranji, mayi?"

Mayiyo anadzutsa mutu, n'kuyang'ana Jenala, n'kuyang'ana kumbuyo kwa lole kopanda kanthu.

"Pepani, timayesa ndi zovuta."

"Mwaona masamba a maliro pagalimoto pano?"

"Ayi. Koma nyimbo ndiye tinaimva, kuchokera kutali."

Jenala anakweza galasi. Anthu osaphunzira, anaganiza choncho, mphepo ikalira pa waya amati ndi kwaya. Anatenga maiki.

"Ofesi, Seveni. Tsopano bwanji? Ova."

"Kuthetheka kwatha. Mukumveka ngati muli m'chipinda muno, kwangotsala injini." Abiti anatsokomola. "Mayi Mulipa, amene akung'ung'udzayo ndi inuyo? Ova."

"Ndingang'ung'udze bwanji ndikulankhula? Ova."

"N'chimene ndafunsira. Nyimbo zanu zachikhristu ine sindizidziwa, koma imeneyi ndinaimvapo pa siwa. Ova."

M'lole munalibe nyimbo iliyonse, koma injini ndi mawaipa opukuta galasi okha. Jenala anafotokozera Abiti, m'mawu osavuta oyenera kalaliki, kuti mawailesi a mipingo nthawi zina amadontha n'kulowa m'njira za anzawo, makamaka kukakhala chinyezi. Abiti anati "Chabwino" ndi mawu a munthu amene sanagule. Pobwerera anadutsa pakamlatho kakang'ono. A Makwinja anachepetsa liwiro popanda chifukwa, milomo yawo ikugwedera. Ndipo pakona yotsatira, lole itapendekera kumanzere, Jenala anamva ngati kanthu kamutsamira paphewa lakumanja, kopepuka, kozizira, n'kudzichotsa msanga monga amachitira munthu waulemu.

Poweruka anatseka zitseko za lole, n'kuika loko wake pa boneti, makiyi n'kupita nawo kunyumba. Wa sipanala uja akafune pena pomasula.

Lachisanu kunatsala mkokomo wa injini ndi mphepo, ndipo mankhwala ake Jenala ankawadziwa. M'sitolo ya galaja munali maiki ina imene inakhala m'katoni chaka chathunthu, chifukwa amisiri aja pepala la malangizo linawaopsa. Maiki imeneyi ili ndi zibowo ziwiri, china kutsogolo, china kumbuyo. Phokoso lochokera patali limalowa m'zibowo zonse ziwiri nthawi imodzi n'kudziphana lokha. Chimene imamva ndi chokhacho chili pafupi ndi chibowo chakutsogolo, mtunda wa zala ziwiri, osapitirira. Kaya injini, kaya mvula, kaya kwaya ya anthu zana kumbuyo kwa lole, yonseyo imaikana.

Anailumikiza, n'kutsitsa mphamvu yake mpaka pamene inayenera. Kenako anatuma a Makwinja kumunda nambala naini, kuti akaime, azimitse injini, atseke magalasi. Iye anapita ku ofesi, n'kuitana bwana manijala kuti adzamve ndi makutu awo. A Likhutcha anabwera osaitanidwa, amisiri awo ali pambuyo, kudzaza pakhomo ndi pawindo.

"Seveni, ofesi. A Makwinja, gwirani maiki pakamwa monga mumachitira. Mudine batani, koma musalankhule kanthu, ngakhale kupuma musapume. Ova."

Wailesi inati thi, kusonyeza kuti batani ladinidwa. Kenako zii. Kunali chete woyera ngati madzi a pakasupe. Munalibe mluzu, munalibe kuthetheka, munalibe nyimbo. Jenala anatembenuka pang'onopang'ono kuti awaone bwino a Likhutcha kumaso, ndipo anali atatsegula kale pakamwa.

Wina anameza malovu m'wailesimo. Kenako mawu anatuluka, a mayi wokalamba, osasa, aulemu, apafupi kwambiri moti milomo inkamveka ikulekana.

"A dalaivala. Kodi sitinafikebe?"

Wailesi inatinso thi.

Abiti Selemani anachotsa manja patebulo n'kuyamba kunong'ona pemphero. Wa nzimbe uja nzimbe yake inagwa, osaitola. Amene anali pawindo anapezeka ali pabwalo osadziwa kuti afikapo bwanji. Bwana manijala anayang'ana wotchi n'kukumbukira kuti akufunidwa kufakitale.

A Likhutcha ndiwo anayamba kupeza mawu, ngakhale anawapezera panja, kuseri kwa anzawo.

"Mwadzimvera nokha, bwana. Phokoso lilipobe. Alephera amayi a mababu."

"Phokoso ndi chinthu chomveka chopanda tanthauzo, ngati inuyo," anatero Jenala. "Limene mwamvali ndi funso."

Bwana anaima pakhonde osatembenuka.

"Faifi koloko, mayi Mulipa. Ndikufuna wailesi yoti ikadinidwa pazimveka dalaivala yekha."

Jenala anayenda pansi mpaka kumunda nambala naini. Miyendo inkalemera pang'ono, koma chinali chifukwa cha matope. M'mutu mwake munkazungulira chinthu chimodzi chimene amisiri aja sakanachimvetsa, mwa mwayi wawo: maiki ija simva kupitirira zala ziwiri. Ndiye kuti pakamwa pamene panalankhula panali patsaya penipeni pa a Makwinja.

Anapeza lole ili chiimire m'nkhungu, chitseko cha dalaivala chili pululu. A Makwinja anali atakhala pansi pakati pa mizere ya tiyi, kutali ndithu, manja kumutu.

"Ndani ameneyu?" anafunsa Jenala.

"Mayi Nalikata."

"Ndiye ndani?"

Anafotokoza akuyang'ana pansi. Mayi Nalikata anathyola tiyi pa esitetiyo zaka makumi atatu. Anamwalira mu Febuluwale, mvula ili pakati, ndipo kampani inapereka Seveni kuti ikatule maliro kwawo, kumudzi wa kutsidya kwa mtsinje. Mlongo wa malemuyo anakhala kutsogolo, pampando wapakati, kuti aziwauza njira monga mwa mwambo, paja womwalira sanyamulidwa mwakachetechete ngati thumba, amauzidwa pamene afika ndi pamene akuwoloka, kuopa angasochere. Ponyamuka mkuluyo anati, "Chemwali, tikupita kwathu. Muzimvera a dalaivala, ndiwo akudziwa njira. Musatsike mpaka iwo anene."

"Tinafika pamtsinje madzi atadzaza," anatero a Makwinja. "Lole sikanawoloka. Anyamata a kutsidya anabwera kudzasenza bokosi pamapewa. Mkulu uja anatsika mothamanga kukawathandiza. Nthawi yomweyo a Likhutcha anayamba kukuwa pa wailesi, amvekere, Seveni, mwafika kapena simunafike, masamba akupsa kuno. Ine n'kudina batani, n'kuyankha."

"Munati chiyani?"

"Ndinati, sitinafike, dikirani kaye, ova."

Jenala anawayang'ana.

"Ndinkauza a Likhutcha, mayi. Ndinkatanthauza kuti bokosi silinathe kutsitsidwa. Litawoloka ndinatembenuza lole n'kubwerera. Ndili m'njira ndinamva mpando ukulira."

"Ndipo lamba wa ethi uja?"

A Makwinja anapotokola chipewa.

"Sabata yomweyo Abiti anandifunsa kuti ndanyamula mkazi wa ndani. Mukudziwa lamulo, wopezeka akuchita matola ntchito yatha. Ndiye ndinamasula lamba uja, n'kusuntha waya. Ndinkati phokoso liziwakwirira."

Jenala anaseka, koma kuseka kwake kunalibe mano.

"Ine n'kumanamizira a Likhutcha, ngati kuti iwo angadziwe kumene kuli lamba wa ethi. Bambo wamkulu ndithu, wa ndevu, miyezi isanu mukuzungulira ndi mayi wa eni ake m'minda ya tiyi, kumunda, kufakitale, kumunda, kufakitale. Anathyola tiyi zaka makumi atatu, afe, azimuperekezabe? Osangowabweza kwawo bwanji?"

"Ndikanapempha lole ndi mawu oti chiyani? Ndipo abale awo ndikanawayamba bwanji?"

"Dzukani. Pakamwa ndikubwerekani panga."

Anakwera. Jenala anakhala kumanzere, ndipo kunena zoona nayenso anadziphatika kuchitseko, koma chinali chifukwa cha ulemu. Anauza ofesi kuti Seveni ikupita kukayesa wailesi patali. Abiti anangoti "Yendani bwino" osafunsa kuti kuti.

Msewu unatuluka m'tiyi, n'kulowa m'minda ya chinangwa ndi nandolo, n'kuyamba kutsetsereka. Nkhungu inatsala kumtunda. Pakona iliyonse kanthu kaja kankatsamira paphewa la Jenala, ndipo tsopano sikankadzichotsa msanga, kankakhalitsa, monga amachitira munthu wotopa ndi ulendo akapeza potsamira. Kuzizira kwake kunkadutsa ovolosi ndi juzi n'kukafika pafupa. Jenala sanayang'ane kumanja. Anawerenga mitengo ya m'mbali mwa msewu.

Pamtsinje madzi anali ofika m'akakolo. A Makwinja anaimitsa lole m'mphepete, n'kumangoyang'ana madziwo.

"Mayi Nalikata," anatero Jenala, akuyang'ana kutsogolo, "tikuwoloka."

Ananena zimenezi pofuna kuyesa chabe, monga amachitira munthu wa sayansi. Paphewa panapepuka, ngati munthu wadzuka kuti aone panja.

Kumudziko anafunsa nyumba ya malemu, ndipo anawalozera ya njerwa zosaotcha pafupi ndi nsungwi. Pakhonde panali mayi wina akusola nandolo, galu wokalamba atagona pambali pake. Ameneyu anali Emelesi, mwana wa mayi Nalikata. Ataona lole anaimirira, lichero n'kugwa. Jenala anatsika n'kumufotokozera zonse mwachidule, mopanda kukometsera, ndi kumuuzanso kuti wolakwa ndi bambo wakhala pachiwongoleroyo.

Emelesi sanakalipe. Anagwira pakamwa, misozi ikutsika.

"Chiikireni maliro palibe amene anawalotapo, ngakhale kamodzi. Ife tinkati anatikwiyira."

Analoza kanjira kotsikira ku mitengo ikuluikulu kumene kunali manda. Anthu a nyumba zoyandikana anayamba kutuluka, n'kuima patali, osayandikira. Jenala anatsegula chitseko chakumanzere mpaka kumapeto, n'kuima pambali kuti pakhale njira.

"Nenani, a Makwinja."

"Tafika, mayi. Tsikani."

Palibe chinachitika. Siponji ija inali chilowere m'kati.

"Mokweza. Simukupempha mchere."

Ananena kachiwiri, kachitatu, mpaka mawu kusweka. Mpando unali chomwecho. Wotchi ya Jenala inkati folo koloko yadutsa ndi mphindi zisanu, ndipo ulendo wobwerera unali wa pafupifupi ola. Wina mwa anthu aja anati kuli mkulu wodziwa zitsamba kuseri kwa phiri, atha kumuitana mawa. Jenala anapukusa mutu. Mawa kiyi anali wa ku Limbe.

Anaima n'kuganiza monga mmisiri weniweni amaganizira waya akakana: uthenga unalowera njira iti? Mayiyu anauzidwa kuti azimvera dalaivala. Dalaivala analankhula atagwira maiki, atadina batani, n'kumaliza ndi "ova". Ndipo munthu amene anakhala pa esiteti zaka makumi atatu, akumva malole akulankhula pasikelo tsiku ndi tsiku, ankadziwa bwino lomwe kuti "ova" si kutsanzika. Nkhani inali isanatsekedwe.

Anazungulira kupita kuchitseko cha dalaivala, n'kukwera pachopondera.

"Tengani maiki. Munawamanga pa wailesi, muwamasulire pa wailesi pomwepo."

Chala cha a Makwinja chinaphonya batani kawiri. Jenala anaika chala chake pamwamba pa chawo n'kukanikiza.

"Mayi Nalikata," anatero a Makwinja. "Tafika. Kwanu ndi kuno. Tsikani." Anayang'ana Jenala.

"Tsekani," ananong'ona iye.

"Awuti."

Jenala sanachotse chala msanga. Kwa kanthawi kunangomveka nsungwi zikukhulana. Kenako siponji ya mpando wapakati inayamba kutukuka, pang'onopang'ono, mpaka kufanana ndi inzake. Mpando wakumanzere unalowa pang'ono n'kubwerera. Chopondera cha mbali imeneyo chinalira kamodzi.

Galu wokalamba uja anadzuka. Anapita pachitseko cha lole akugwedeza mchira, n'kununkhiza m'mwamba, pamene pakanakhala dzanja la munthu wamfupi. Kenako anatembenuka n'kuyamba kutsika ndi kanjira ka kumanda, osathamanga, akuyenda m'mphepete, pakati pa njira atasiyapo malo. Nkhuku zimene zinkapalasa m'njiramo zinapatuka zokha. Emelesi anagwada n'kuyamba kuomba m'manja mofatsa, ndipo anthu onse aja anagwada naye. Jenala anapezeka kuti nayenso watsika pachopondera, bondo limodzi lili pansi. Nsapato inali itamasuka chingwe.

Wailesi inalira, mawu a Abiti akumveka patali koma oyera.

"Seveni, ofesi. Kuno tamva wina akuti zikomo. Ndani ameneyo? Ova."

Jenala anatenga maiki.

"Wapaulendo, watsika. Uzani bwana asachoke. Awuti."

Anafika pagalaja kutatsala mphindi zinayi kuti ikwane faifi, lole ili matope okhaokha. Bwana manijala anaima mu ofesi, pafupi ndi chitseko, n'kulamula kuti batani lidinidwe. Linadinidwa, injini ikulira, mawaipa akuyenda. Anadikira mphindi yathunthu, anthu onse atagwira mpweya. Munalibe kanthu. Kenako a Makwinja anawerenga kuyambira wani mpaka teni, ndipo nambala iliyonse inamveka payokha ngati mwala wogwera m'chitsime. Bwana anapisa dzanja m'thumba.

"A Likhutcha, alamu anu muwauze asawononge ya basi."

Za lamba wa ethi Jenala sanaulule kwa munthu, poti bambo amene wagona miyezi isanu ndi mantha otere walangidwa kale. A Likhutcha mpaka lero amauza anthu kumowa kuti inali wailesi ya mpingo imene inkadontha, ndipo ngakhale bodza limenelo si lawo, anachita kulibera kwa mwini wake.

Tsono poti ena mumafuna kudziwa kuti pa zonsezi ndinapindulanji, ndikuuzani osawonjezera kapena kuchotsera: kiyi wa chipinda cha zamagetsi, maovolosi awiri olembedwa dzina langa pachifuwa, nyumba ya zipinda zitatu kumzere wa amisiri, nkhuku yathadzi imodzi yochokera kwa Emelesi, ndi phewa lakumanja limene silifunda ngakhale mu Okutobala.